Onani Ndime Musanatchule Mtengo

Lero makompyuta musayatse. Aliyense atenge mapepala asanu ndi cholembera cha inki yokhuthala, chija timalembera pa makatoni, ndipo mukhale awiriawiri. Ndikuona ena nkhope zagwa kale, poti mumayembekeza kuti tipitiriza za matebulo a database zimene tidayamba sabata yatha. Tidzabwererako. Lero tikhala pa funso limene mudzafunsidwa kuposa lina lililonse mukadzayamba kupangira anthu mapulogalamu a pa intaneti: "Ntchitoyi itenga masiku angati, nanga ndikulipirani zingati?"

Ambiri a inu mudagwirapo ganyu, kapena mudaonapo makolo anu akulemba waganyu. Waganyu wozindikira akauzidwa kuti kuli munda wofunika kupalira, savomera ali pakhonde. Amati, "Tiyeni tikaone ndime." Akafika amawerenga mizere, amaponda masitepe kuti adziwe kutalika kwake, amagwetsa khasu kamodzi kuti amve ngati dothi ndi lofewa kapena ndi katondo wouma, n'kuyang'ananso ngati udzu wake ndi chisoso chabe kapena kapinga uja wosamva khasu. Akatero m'pamene amatchula mtengo. Wovomera asanaone amalima masiku atatu pa malipiro a tsiku limodzi, ndipo zimathera kwa amfumu.

Pa ntchito yathu ndime ndi masikirini, ndiye kuti masamba onse amene munthu adzaone ndi kukhudza pa foni kapena pa kompyuta yake. Onse pamodzi m'Chingelezi ndi m'Chipwitikizi amati interface. Ife tiziti nkhope ya pulogalamu.

Chifukwa chiyani nkhope iyambe

Mudaphunzira kale kuti pulogalamu ya pa intaneti ili ndi zigawo zitatu. Pali nkhope, imene imatseguka mu browser. Pali seva, kompyuta ya kutali imene imalandira zopempha ndi kuchita masamu. Palinso database, nkhokwe yosungiramo zonse. Wophunzira aliyense amakopeka kuyambira kunkhokwe, chifukwa n'komwe kumaoneka kuti kuli nzeru zenizeni, ndipo mabuku ambiri amaphunzitsa motero. Vuto lake ndi loti mwini ntchito sangakuthandizeni kumeneko. Mukawaonetsa a tcheyamani a gulu la alimi chithunzi cha matebulo ndi mivi yolumikiza, adzayang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Zili bwino, mwana wanga, mukudziwa ndinu." Kumeneko sikuvomera. Ndi ulemu wa kwathu, wosafuna kuchititsa manyazi munthu wophunzira. Koma apatseni pepala lojambulidwa ngati foni, lokhala ndi malo olembapo dzina la mlimi ndi batani pansi pake, mudzamva: "Nanga mudzi wake tilemba pati?" Funso limenelo ndi ntchito imene simudaiwerenge, ndipo latuluka musanawononge ngakhale tsiku limodzi.

Maganizo amenewa si anga. Kampani ina yaing'ono ya ku Chicago, 37signals, imene idatulutsa Basecamp mu 2004, idalemba buku lotchedwa Getting Real mu 2006, ndipo mutu umodzi m'bukumo umalimbikitsa zomwezi, zoti nkhope iyambe, khodi ibwere pambuyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kufufuta mzere pa pepala ndi kwaulere, pamene kugumula khodi ya masabata atatu ndi ndalama. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi cha Jeff Hawkins, amene adapanga kakompyuta ka m'thumba kotchedwa Pilot, ka kampani ya Palm, kamene kadatuluka mu 1996. Asanakapange adasema kathabwa ka msinkhu umene ankafuna, n'kumayenda nako m'thumba la malaya. Wina akamuuza za msonkhano, ankatulutsa kathabwako n'kumanamizira kulembapo ndi kamtengo. Anthu ayenera kuti ankamuyesa wozungulira mutu, koma iye ankaphunzira kuti ndi ntchito ziti zimene munthu angazifunedi pa chida chotero, ndi ziti zongokometsera.

Tipite kumunda

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a kachewere kuno ku Tsangano lakuitanani. Mukudziwa mmene kachewere wa m'mapiri athu ozizirawa amayendera: wina amatsikira ku Tete ndi kupitirira, wina amadutsa malire kupita ku misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu. Gululi limasonkhanitsa matumba a mamembala, kugulitsa pamodzi kwa eni malole, kenako kugawana ndalama. Zonse zimalembedwa m'kope limodzi, ndipo chaka chilichonse pamakhala kukayikirana. A tcheyamani akuti: "Tikungofuna kanthu kakang'ono kolemberamo matumba pa foni, basi."

Mawu oti "kakang'ono" ndi "basi" muziwaopa. Mtima udzakuuzani kuti ndi ntchito ya masabata awiri. Ine ndidapsa nazo: chaka china ndidalonjeza gulu lina masabata atatu titangocheza pansi pa mtengo, ntchito n'kutha miyezi inayi, ndipo ndalama zoyendera za miyezi yotsalayo zidatuluka m'thumba mwanga. Palibe adandinamiza. Sindidaone ndime.

Tsono musatchule kanthu. Pemphani kuti mukakhale tsiku limodzi pamalo olandirira matumba, pafupi ndi mlembi wa gulu, chifukwa iyeyo ndiye adzagwire foni, osati a tcheyamani. Funsani kuti, pa ntchito yonse, ndi chiyani chimene amachita kawirikawiri kuposa zonse. Yankho likhala kulandira matumba. Sikirini imeneyo ndiyo mtima wa pulogalamu, ndipo ndi imene muyambe kujambula. Ya kulowa ndi pasiwedi, imene ophunzira amathamangira kuyamba nayo, idikire. Imafanana m'mapulogalamu onse ndipo siikuphunzitsani kanthu.

Jambulani bokosi la msinkhu wa foni yeniyeni ya mlembiyo, kaya ndi Tecno kapena itel, osati msinkhu wa laputopu yanu. Muikemo zinthu zitatu: dzina la mlimi, chiwerengero cha matumba, batani losungira. Kenako perekani pepalalo kwa amayi mlembi n'kunena kuti, "Amayi, tiyerekeze kuti iyi ndi foni, ndipo bambo awa abwera ndi katundu wawo. Chitani monga mungachitire." Inu khalani chete. Ntchito yanu ndi kukhala kompyuta: akakhudza batani ndi chala, muchotse pepalalo n'kuikapo lotsatira.

Sipapita mphindi ziwiri. "Achimwene, matumba asanu, inde, koma atatu ndi kachewere wamkulu, awiri ndi wamng'ono. Mitengo yake ndi yosiyana." Mwapeza magiredi. Muwonjezera mzere. "Nanga amene wabweretsa thumba losadzaza, ndi ndowa ziwiri zapadera?" Mwapeza kuti thumba si muyeso umodzi. Tsopano muyenera kufunsa ngati gulu lili ndi sikelo, ngati lidzalemba makilogalamu, kapena ngati pulogalamu iyenera kudziwa kuti ndowa zingati zimadzaza thumba. Yankho lililonse lili ndi khodi yakeyake, ndi mtengo wakewake.

Dzina la mlimi nalo libweretsa zake. M'mudzi umodzi mumakhala anthu atatu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi. Mukati tigwiritse nambala ya chiphaso cha BI, mlembi akuuzani kuti si onse ali nayo, ndipo amene ali nayo sayenda nayo kumunda. Ndiye pafunika mudzi, mwina ndi nambala ya umembala imene gulu lizipereka lokha. Mayina athu a kuno ndi osakanikirana: ena ali ndi zilembo za Chipwitikizi monga ã ndi ç, ena ali ndi kachizindikiro ka pa ng'. Mlembi wothamanga akalemba Joao m'malo mwa João, pulogalamu impezebe munthuyo. Kachizindikiro ka ng' kaja, mukakalowetsa mosasamala m'malamulo a SQL, kamaswa lamulo lonse, ndiponso ndi khomo lomwelo limene akuba a pa intaneti amalowera. Mukati nambala ya foni, kumbukirani kumene tikukhala. Nambala za ku Mozambique zimayamba ndi +258, ndipo za Vodacom zimayamba ndi 84 kapena 85, za Movitel 86 kapena 87, za Tmcel 82 kapena 83. Koma mlimi wa kufupi ndi Biri Biri akhoza kukupatsani ya Airtel kapena TNM, ya +265, chifukwa kumunda kwake netiweki imene imagwira ndi ya kutsidya. Mukamanga bokosi lolandira nambala za dziko limodzi lokha, mwatsekera kunja mamembala ena.

Mukafika pa sikirini yogulitsa m'pamene mumve kapinga weniweni. Wogula wochokera ku Tete alipira metikali, wochokera ku Lilongwe kapena Blantyre akhoza kulipira makwacha. Alimi agawana bwanji? Pafunika kulemba mtengo wosinthira ndalama wa tsiku limenelo, ndipo usungidwe pamodzi ndi malondawo, chifukwa mawa usintha ndipo mbiri ya dzulo siiyenera kusintha nawo. Ngakhale kalembedwe ka manambala kamasiyana. Wophunzira sukulu ya Chipwitikizi amalemba 1.500,00 pamene wa ku Malawi amalemba 1,500.00. Pulogalamu ikamva molakwa kadontho kamodzi, ndalama za munthu zisanduka za maswiti a mwana. Pa pepala mungathe kusankha lero kuti bokosi lizilandira manambala okha, madonthowo iziika yokha.

Kenako amayi mlembi adzanena mawu amene amasintha ntchito yonse: "Koma pano rede imavuta. Timakwera pa chulu chija kuti tiimbe foni." Pulogalamu ya pa intaneti yopangidwa mwa masiku onse imafa netiweki ikachoka. Kuti igwire ntchito pamalo otere iyenera kusunga zolembedwa m'foni momwemo, n'kuzitumiza ku seva netiweki ikabwera. Zimatheka, browser ya masiku ano ili ndi zida zake, koma zimabala mafunso ena. Alembi awiri akalembetsa mlimi mmodzi yemweyo pa mafoni awiri, onse ali kopanda netiweki, cholondola ndi chiti? Foni ikagwera m'madzi isanatumize? Mlembi adziwa bwanji kuti izi zapita, izi zikadali m'foni? Funso lomalizali ndi la nkhope, ndipo yankho lake ndi kachizindikiro kakang'ono pa mzere uliwonse. Koma kumbuyo kwa kachizindikiroko kuli ntchito yoposa masikirini atatu pamodzi. Kumbukiraninso kuti megas a intaneti amagulidwa ndi ndalama za gulu, choncho chithunzi chachikulu cha munda wa kachewere pa tsamba loyamba ndi msonkho umene mwaika pa alimi tsiku lililonse.

Za chilankhulo ndingodutsapo. Mlembi ndi alimi amamvana m'Chinyanja, koma lipoti lopita ku ofesi ya zachuma ya SDAE kuboma liyenera kukhala m'Chipwitikizi. Ndiye mawu onse a pa sikirini alembedwe kawiri, ndipo mabatani akule mokwanira mawu aatali. A tcheyamani akapempha kuti mlimi azilandira lisiti pa SMS, dziwani kuti uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo chimodzi chonga ã kapena ŵ, malire amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga umene mumauyesa umodzi mulipira awiri kapena atatu.

Taonani tsono. Mapepala atatu okha, theka la tsiku, ndipo "kanthu kakang'ono" kaja kaonetsa msinkhu wake. Safunsa adadya phula.

Zimene adachita ku Lilongwe

Kuti musaganize kuti izi ndi za timagulu ta kumudzi tokha, tamvani za kutsidya. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health adaika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ogwira ntchito ambiri pa nthawiyo anali asanagwirepo kompyuta, ndipo mzere wa odwala sudikira munthu wofunafuna chilembo pa kiyibodi. Iwo adasankha sikirini yokhudza ndi chala, yopanda kiyibodi ndi mausi, ya mabatani aakulu, yofunsa funso limodzi pa tsamba limodzi. Ukayankha, lotsatira likubwera. Pamapeto makina amasindikiza kapepala komata kokhala ndi barcode, kamene kamamatidwa m'buku la kuchipatala la wodwalayo. Njira imeneyi pambuyo pake idafalikira ku zipatala zambiri zopereka mankhwala a ma ARV m'Malawi. Chimene ndikufuna muone ndi dongosolo la maganizo awo. Adayamba ndi chala cha namwino ndi mphindi zochepa zimene ali nazo pa wodwala aliyense. Mtundu wa makina ogula, kamangidwe ka pulogalamu, ngakhale nthawi yophunzitsira anthu, zonse zidatsatira chisankho chimenecho.

Sikirini imodzi, nkhope zitatu

Cholakwa chimene ndimachiona chaka chilichonse ndi ichi: wophunzira amajambula sikirini ili pa ulemerero wake, mayina khumi atandandalikidwa bwino, zonse zikuyenda. Imeneyo ndi nkhope imodzi. Jambulaninso mmene idzaonekere tsiku loyamba, mulibe mlimi ngakhale mmodzi. Tsamba loyera limaopsa munthu, amaganiza kuti waononga kanthu. Muikepo mawu omuuza poyambira. Jambulaninso mmene idzaonekere zinthu zikalakwika: walemba chilembo pa malo a nambala, wasiya dzina, seva siikuyankha. Kwa ife kuno onjezani yachinayi, ya pamene netiweki palibe. Nkhope iliyonse ndi khodi yoti ilembedwe ndi kuyesedwa. Wowerenga nkhope imodzi yokha waona mizere ya m'mphepete mwa msewu, osalowa m'kati mwa munda.

Ndakupatsani cholembera chokhuthala dala. Sichilola kujambula tinthu ting'onoting'ono, choncho simutaya nthawi pa mitundu ndi maluwa. Figma ndi chida chabwino, tidzaphunzira, koma ikafulumira imabweretsa mavuto awiri. Chithunzi chikakongola kwambiri anthu amaopa kuchidzudzula, poganiza kuti mwavutika nacho. Choipa kuposa apo, mwini ntchito amayesa kuti pulogalamu yatha, ndipo mukadzamuuza kuti kwatsala miyezi iwiri adzaganiza kuti mukumubera. Pepala lokhwatchakhwatcha aliyense amalimba mtima kulikonza.

Musayese ndi munthu mmodzi yekha. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu, adalemba mu 2000 kuti anthu asanu amakwanira kuvumbula mavuto ambiri a nkhope, ndipo kuli bwino kuyesa ndi ochepa, kukonza, n'kuyesanso, kusiyana ndi kusonkhanitsa khamu kamodzi. Pa asanuwo pakhale wachikulire wa maso ofooka, ndipo muyesere panja. Zilembo zotuwa zimene zimaoneka bwino m'kalasi muno zimasowa pa dzuwa la mu Okutobala.

Tsopano tiwerenge

Barry Boehm, m'buku lake la 1981 lonena za chuma cha ntchito za mapulogalamu, adaonetsa kuti kuyerekeza kochitika pachiyambi penipeni kungaphonye kanayi, kupitirira kapena kuperewera. Steve McConnell adakonzanso manambalawo m'buku la 2006, ndipo pa mndandanda wake, nkhope ya pulogalamu ikamalizidwa kukonzedwa, kuphonyako kumatsika kufika pakati pa 0.8 ndi 1.25. Timve bwino. Ntchito imene mwaiyesa ya masiku 40 mutangomva nkhani pakamwa, ingathe kukhala ya masiku 10 kapena 160. Mutajambula ndi kuyesa masikirini, imakhala pakati pa 32 ndi 50. McConnell amachenjeza kuti kuchepa kumeneku sikubwera kokha chifukwa masiku apita. Kumabwera chifukwa mwapanga zisankho ndi kuzitseka. Mtengo wa pakati pa 10 ndi 160 palibe angasainire. Wa pakati pa 32 ndi 50 anthu angakhale pansi n'kukambirana.

Yalani mapepala onse pa tebulo. Pa chitsanzo chathu atuluka asanu ndi awiri: kulowa, kulembetsa mlimi, kulandira matumba, mndandanda wa za tsiku, kugulitsa, malipiro a mlimi aliyense, ndi lipoti. Pa pepala lililonse lembani kumbuyo kwake zimene seva ndi database ziyenera kuchita kuti sikiriniyo ikhale yamoyo. Mudzaona kuti matebulo aja mumawalakalaka akudzilemba okha, chifukwa bokosi lililonse la pa pepala likufuna malo m'nkhokwe, ndipo chimene sichikuoneka pa pepala lililonse mwina sichikufunika n'komwe.

Kenako pepala lililonse mulipatse manambala atatu: masiku ngati zonse zayenda bwino, masiku amene mukuona kuti ndi oyenera, ndi masiku ngati zavuta. Njira yowaphatikizira idachokera ku PERT, imene asilikali a pamadzi a ku America adayamba kugwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pa ntchito ya mizinga ya Polaris. Mumatenga yoyamba, kuphatikiza yapakati kanayi, kuphatikiza yomaliza, n'kugawa ndi 6. Manambala otsatirawa ndi ongophunzirira, inu mudzaika anu. Kulandira matumba: 2, 4 ndi 12. Ndiye 2 kuphatikiza 16 kuphatikiza 12 ndi 30, kugawa ndi 6, masiku 5. Mwaona kuti yankho laposa 4 uja mtima unkanena, chifukwa pa ntchito yathu zinthu zimakonda kuchedwa kusiyana ndi kufulumira. Tinene kuti enawo atuluka motere: kulowa 2, kulembetsa mlimi 3, mndandanda 2, kugulitsa 6, malipiro 5, lipoti 4. Pamodzi ndi 5 uja, ndi masiku 27. Kugwira ntchito popanda netiweki kupatseni pepala lakelake: 5, 10 ndi 27, zimene zikupereka 12. Tafika pa 39.

Musaime pamenepo. Pali ntchito zimene sizioneka pa sikirini iliyonse: kukonza seva, kuika dongosolo losunga makope a database kuti isadzatayike, kuyesa pa mafoni enieni, kuphunzitsa alembi, ndi ulendo wokha. Mukudziwa mmene misewu yathu ya fumbi imakhalira mvula ikayamba. Tsiku loyenda ndi tsiku la ntchito. Tiike masiku 9. Zonse 48. Mukachulukitsa ndi 0.8 komanso 1.25 mupeza pakati pa masiku 38 ndi 60, ndiye kuti masabata 8 mpaka 12. Mtima uja unkati awiri.

Kwa a tcheyamani mupereke manambala onse awiri, ndipo munene chimene chingakankhire ntchito ku 60. Mtengo ndi masikuwo kuchulukitsa ndi malipiro anu a tsiku, kuphatikiza zolipira mwezi ndi mwezi monga seva ndi ma SMS, zimene ziyenera kulembedwa padera kuti gulu lidziwe kuti sizidzatha. Mapepala aja asainidwe ndi mbali zonse, inu mutenge zithunzi zake. Ndiwo malire a ndime. Tsiku lojambula nalo ndi ntchito, ndipo muzilipiritsa, ngakhale pang'ono.

Pamene njirayi imanama

Ndikadakhala mphunzitsi wabodza ndikadakuuzani kuti pepala limaonetsa zonse. Pali mabatani ena aang'ono pamaso koma ozama ngati chitsime. A tcheyamani adzati, "Muikeponso batani loti ndalama zizipita zokha ku M-Pesa kapena e-Mola ya mlimi." Kujambula batanilo ndi masekondi asanu. Kumbuyo kwake kuli kulembetsa gulu ngati bizinesi ku kampani ya mafoni, mapepala monga nambala ya msonkho ya NUIT, kudikira chilolezo, kuyesa, ndi funso loopsa la chimene chichitike ndalama zikachoka koma uthenga wotsimikiza osafika. Ndipo M-Pesa ndi ya Vodacom, e-Mola ndi ya Movitel, mKesh ndi ya Tmcel. Iliyonse ili ndi khomo lake. Lamulo langa ndi ili: batani lililonse lokhudza ndalama zenizeni, kapena lodalira kampani ina, muliike chizindikiro chofiira, ndipo musalitchulire mtengo musanathe tsiku limodzi kapena awiri mukuyesa ngati zitheka. Zomwezonso ndi chitetezo. Funso loti ndani ali ndi mphamvu yosintha chiwerengero cha matumba a dzulo silioneka pa chithunzi, koma ndi pamene pagona kukhulupirirana kwa gulu lonse. Mlembi akakonza nambala, pulogalamu isunge yakale, ndi dzina la wokonza, ndi nthawi.

Nanga ndalama za gulu zikakwana masiku 30 okha? Apa m'pamene mapepala amaonetsa ubwino wake wina. Simutsitsa mtengo wa tsiku lanu, ndipo simulonjeza kuthamanga. Mumayala mapepala pa mphasa n'kufunsa komiti kuti, "Tichotse liti?" Mwina lipoti lidikire chaka chamawa, mlembi azikopera pamanja kuchokera pa mndandanda. Mwina makwacha azisinthidwa kaye asanalembedwe. Ryan Singer, amene pa nthawiyo anali ku Basecamp, m'buku la Shape Up la 2019, amalangiza kuyamba ndi nthawi imene muli okonzeka kuthera pa ntchito, kwa iwo masabata asanu ndi limodzi, n'kusema ntchitoyo kuti ikwane m'menemo. Alimi amazidziwa kale zimenezi: feteleza akachepa umachepetsa munda.

Ntchito ikayamba, zopempha zatsopano zidzabwera ndithu. Wina adzafuna zanyengo, wina mitengo ya ku msika wa Tete, wina zithunzi za mamembala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Musakane mwamwano. Tulutsani pepala latsopano, jambulani, lipatseni manambala ake atatu, n'kufunsa ngati lilowe m'malo mwa lina kapena liwonjezere ndalama. Ndipo mukachedwa, musathamangire kuitana anzanu atatu kuti akuthandizeni sabata yomaliza. Fred Brooks, amene adatsogolera ntchito yaikulu ya mapulogalamu ku IBM, adalemba kale mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa ntchito yochedwa kumaichedwetsa kwambiri, popeza atsopanowo amafuna kuphunzitsidwa ndi omwe ali otanganidwa kale.

Nthawi zina mapepala adzakuuzani chinthu chowawa: gululi silikufunika pulogalamu yatsopano. Ngati chimene akufuna ndi kulemba matumba kopanda netiweki ndi kuona zonse pamodzi madzulo, KoboToolbox kapena ODK zimachita kale zimenezo, ndipo mungawakonzere fomu m'masiku ochepa. Auzeni. Mudzalandira zochepa ulendo uno, koma Tsangano ndi waung'ono, ndipo mbiri ya mmisiri imayenda pa njinga.

Ntchito ya kunyumba

Tisamuke pang'ono, tipite ku Macanga. Kumeneko, m'midzi yozungulira Furancungo, alimi ambiri amalima fodya pa mgwirizano ndi kampani, kulandira mbewu ndi feteleza pa ngongole, n'kudzadulidwa pogulitsa. Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi 25 ikufuna pulogalamu yoti membala aliyense aziona ngongole yake, mabelo amene wagulitsa, giredi ya belo lililonse, ndi ndalama zotsala. Ambiri mwa iwo ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo uthenga wa USSD, uja timaimba ndi nyenyezi monga *150# ya M-Pesa, sunyamula zilembo zoposa 182 pa tsamba limodzi. Sankhani nokha ngati mlimi adzaona pa foni yake kapena kudzera kwa mlembi, ndipo mukhale okonzeka kundiuza chifukwa chake.

Awiriawiri, jambulani sikirini imene ndi mtima wa pulogalamuyo, nkhope zake zonse zinayi. Mukaiyese kwa munthu mmodzi amene adalimapo fodya, kaya ndi malume anu kapena oyandikana nawo nyumba, ndipo mulembe funso lililonse limene afunse, ngakhale looneka lopanda pake. Lachinayi mubwere ndi mapepalawo, manambala atatu kumbuyo kwa lililonse. Amene abwere ndi khodi ndimubweza.